Kadontho Kobiriwira

Kapitawo analowa mu ofesi mwawo osagogoda. Lolemba lina m'mawa, anthu atayatsa makompyuta, anapeza pakona pa sikirini iliyonse pali kadontho kobiriwira, kakang'ono ngati batani la malaya. Abwana anaima pakati pa madesiki n'kufotokoza kuti imeneyi ndi pulogalamu yowerenga nthawi imene munthu amakhala akugwiradi ntchito pa kompyuta. Ukamalemba, kapena kuyendetsa mausi m'mapulogalamu a kampani, kadonthoko kamakhala kobiriwira. Dzanja likangopuma kwa mphindi zingapo, kamatuwa. Ndiye Lachisanu lililonse akulikulu amalandira chithunzi cha sabata yonse, munthu aliyense ndi mzere wake: apa pobiriwira, apa potuwa.

"Musade nkhawa," anatero abwanawo, maso ali pa nsapato zawo. "Akungofuna kudziwa mmene tsiku lathu limayendera."

"Akanangotifunsa," anayankha a Wailesi, mayi wa pa desiki ya kukhomo, amene pakamwa pawo sipankatsekeka. "Limayenda chokwawa."

Ndiwo anapatsa pulogalamuyo dzina loti Kapitawo, ndipo dzinalo linakanirira.

Ofesiyo inali chigawo cha madandaulo cha kampani yonyamula katundu. Chinali chipinda cha pamwamba pa nyumba yosungiramo makatoni, chokhala ndi fani imodzi yolira ngati ikudwala, ndi windo loyang'ana pabwalo la malole. Desiki ya pawindopo inali ya Nachangu. Dzinalo anam'patsa chaka chimene anayamba ntchito, chifukwa cha zala zake: dandaulo likabwera, ankalilowetsa m'kompyuta mwini wake asanamalize n'kukwiya komwe. Zalazo zinali zikadali zachangu, koma masiku amenewa Nachangu ankafika m'mawa atatopa kale.

Desiki yogundana ndi yake inali ya a Pensulo, bambo wa imvi, wa pensulo kukhutu. Ntchito yawo inali yofufuza katundu wosowa, ndipo inali ntchito ya pafoni. M'kompyuta katundu sasowa. Mmenemo amalembedwa kuti anafika. Amasowera kuseri kwa mpando wa dalaivala, kapena pansi pa matayala akale kudepoti ina. Choncho a Pensulo ankatha theka la tsiku foni ya pa desiki ili kukhutu, kumvetsera dalaivala akulumbira kuti katoniyo sanaione, kapena mayi wina akufotokoza za makina ake osokera kuyambira tsiku limene anawagula. Sankadula munthu mawu. Ankangoti, "Eya... ndikumva... pitirizani," uku akulemba pakapepala. Foni imeneyo Kapitawo sankaiona.

Vuto la Nachangu linali masana. Bambo ake anadwala sitiroko, mbali yonse ya kumanja inafa, ndipo ankagona kuchipinda kwake, iye n'kumagona pa sofa pabalaza. Mayi wa nyumba yoyandikana ankawayang'anira m'mawa, koma dzuwa likafika pamutu ankapita kumsika kukagulitsa. Nthawi imeneyo nkhalambayo inkafunika kuitembenuza kuti isatuluke zilonda, kuisintha, kuimwetsa mankhwala, ndi kuidyetsa ndi supuni pang'onopang'ono, poti kumeza kunkavuta. Mlongo wake wa Nachangu ankaimba foni Lamlungu lililonse kufunsa ngati madala akupezako bwino, ndipo thandizo lake linkathera pomwepo.

Nthawi ya nkhomaliro inali ola limodzi. Kukwera minibasi, kukachita zonsezo ndi kubwerera kunkadya maola awiri, minibasi ikachedwa kudzaza n'kupitirirapo. Kale imeneyi sinali nkhani. Ankabwera, n'kukhala pansi, zala n'kuthamanga, pofika madzulo ntchito yonse ili m'malo mwake. Abwana ankaona ngati sakuona. Koma Kapitawo analibe chikope chotsinzinira. Sabata yoyamba, abwana atamata chithunzi pa bolodi, mzere wa Nachangu unali ndi mpata wotuwa pakati pa tsiku lililonse, ngati m'kamwa moguluka dzino.

Mu ofesimo munali mutayambika kale kachitidwe kena. Munthu akafuna kupita kuchimbudzi kapena kutsika kukagula mayunitsi, ankangouza mnzake kuti, "Undigwedezere," ndipo mnzakeyo ankatambasula dzanja apo ndi apo n'kukankha mausi. Nachangu sanapemphe aliyense. Mphindi zochepa ungapemphe, koma maola awiri tsiku ndi tsiku ndiye kusenzetsa munthu mtolo. A Pensulo ndiwo anayamba okha. Lolemba lotsatira, iye akunyamula chikwama, anaphimba foni ndi chikhatho.

"Musazimitse, mayi. Pitani mukaone bambo. Dzanja langa lamanzereli limangokhala."

"Ndikuvutitsani, bambo."

"Mukundichedwetsa, ndili ndi munthu pa foni."

A Pensulo sanali munthu wochita chinthu mwatheka. Ankakokera mausi ya Nachangu m'mphepete mwa desiki yawo, ndipo kuyambira pamene iye watuluka mpaka pamene walowanso, dzanja lamanzere linkaiyendetsa mozungulira, modekha, ngati munthu wotakasa tiyi. Lamanja linkagwira pensulo, foni itapanidwa pakati pa phewa ndi khutu. Nkhomaliro ankadyera pomwepo, buledi ndi tiyi wa mufulasiki, dzanja lija osaima. Anzawo onse pa ola la chakudya ankasiya makompyuta awo atuwe, poti ola limenelo Kapitawo sankaimba munthu mlandu. A Pensulo zimenezo sanazidziwe. Anamva zoti kutuwa n'koipa, ndiye kadontho ka mwana wa eniake sikanayenera kutuwa kali m'manja mwawo. Kawo kankatuwa m'mawa, n'kutuwanso masana, manja oti akagwedeze atatha.

Zinayenda choncho kwa miyezi. Mzere wa Nachangu unabiriwira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, wopanda pong'ambika, ndipo kulikulu anauona. Kunabwera uthenga woyamikira. Abwana anauwerenga mokweza, ndi mawu a munthu wowerenga malangizo a pa botolo la mankhwala: Nachangu anali chitsanzo kwa kampani yonse. Anam'patsa kapu ya tiyi yolembedwa dzina la kampani.

"Tiyeni tiombe m'manja," anatero a Wailesi. "Munthu wosadya, wosamwa, wosapita kuseri. Asisi, chikhodzodzo chanucho mudzandilembere pa wilo ya chuma chamasiye."

Anthu anaseka. Nachangu anasekako ndi mano okha. A Pensulo anagwedeza mutu mokhutira, ngati kholo la mwana amene wakhoza mayeso.

Chimene palibe anachilingalira n'chakuti akulikulu akaona kuti mmodzi watha, amati onse angathe. Muyezo unakwezedwa. Pa msonkhano wa mwezi wotsatira abwana ananena, maso alinso pa nsapato, kuti chigawocho chichepetsedwa ndi munthu mmodzi pakutha pa mwezi, ndipo wochokayo adzakhala amene mzere wake watuwa kuposa onse. Palibe anatembenuka. Aliyense ankadziwa kuti mzere wa pansi pa bolodi ndi wa yani.

Abwana atatuluka, a Wailesi anakoka mpando wawo mpaka pa desiki ya a Pensulo.

"Achikulire, inunso nanga. Ndi nkhomaliro yomwe? Mukanamaisiya mausiyo ipume ola la chakudya, bwenzi asisiwa ali munthu wamba ngati ife, muyezo uli pomwe unali."

"Kodi pali kutuwa kololedwa?"

"Kulipo, bambo. Tsiku lililonse."

"Sanandiuze," anatero a Pensulo, n'kunyamula foni imene inali itayamba kulira.

Tsiku limenelo masana Nachangu anadyetsa bambo ake mosaleza mtima. Supu inatayikira pa thaulo limene ankawamanga m'khosi. Nkhalambayo inamuyang'ana nthawi yaitali.

"Wa... kwiya," inatero, lilime likulemera.

"Sindinakwiye, bambo. Yasamani."

"Mnzako... wa dzanja uja?" Ndi mmene ankawatchulira a Pensulo, kuyambira tsiku limene mwana wawo anawafotokozera chifukwa chake amatha kubwera masana osathamangitsidwa.

"Ali bwino."

"Um'patse... moni."

Anawapukuta pakamwa, n'kuwatembenuzira kukhoma, n'kuika pilo pakati pa mawondo. Mu minibasi anakhala pa mpando wopinda, chikwama pa miyendo, akuyang'ana khosi la munthu wa patsogolo pake.

Mawa lake anayamba kuwagwedezera a Pensulo nawonso. A Pensulo ali pa foni ndi dalaivala wina, iye anatambasula dzanja n'kukankha mausi yawo. Anachitanso kachiwiri, kachitatu. Atatsitsa foni, a Pensulo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mayi, ndili pompano."

"Ndikudziwa, bambo."

"Amagwedezera munthu amene wachokapo. Ine ndakhala pa mpando uno kuyambira m'mawa."

"Koma Kapitawo sakukuonani."

"Ndiye mukufuna andione ndikuchita chimene sindikuchita."

"Si zomwe mumandichitira ine?"

Anachotsa pensulo kukhutu, n'kuiyang'ana, n'kuibwezeranso.

"Inu mumakhala muli pa ntchito ina, yolemera kuposa ino. Ndiye bodza langa limakhala laling'ono."

Komabe sanamuletse. Kwa masabata awiri Nachangu ankalemba ndi dzanja limodzi, lina lili pa desiki ya a Pensulo. Phewa linayamba kuwawa. Ankalakwitsa manambala a makatoni n'kumafufuta, chinthu chimene sichinkam'chitikira. A Wailesi ankati desiki ya pawindo yasanduka chigayo, masana apera uyu, madzulo apera uyo. Mzere wa a Pensulo unabiriwirako pang'ono, koma abwana anafotokoza kuti akulikulu sayang'ana sabata imodzi kapena ziwiri, amaphatikiza miyezi yonse yapitayo. Mzerewo unakhalabe pansi.

Lachitatu la sabata yachitatu, Nachangu anagogoda pa kaofesi ka magalasi ka abwana. Anali bambo wocheperapo msinkhu kwa iye, taye itamasulidwa, maso ofiira. Nachangu ananena zonse ataimirira: za bambo ake, za maola awiri, za dzanja lamanzere la a Pensulo. Abwana anamusiya amalize.

"Khalani pansi, asisi. Mukuganiza kuti khoma ili ndi la njerwa? Ndimakuonani mukutsika, ndimakuonani mukukwera."

"Ndiye lembani kulikulu kuti mzere wanga ndi wabodza."

"Ndikalemba, andiyankha ndi makalata awiri. Yanu, yothawa ntchito. Ya achikulire, yogwira kompyuta ya mnzawo kuti anamize kampani. Ndiye achoka ngati wakuba, zaka zonsezi. Ndikapanda kulemba, achoka okha, mwaulemu, ngati munthu amene wapumitsidwa."

"Ntchito yawo ndi ya pafoni. Simungawauze zimenezo?"

"Ndinawauza, n'kuwauzanso. Anati foni imeneyo ichoka chaka chamawa, madandaulo onse azibwera pa kompyuta."

Nachangu anayang'ana pansi, maso ake n'kugwera pa desiki. Mausi ya abwana inali itasanjikidwa pamwamba pa wotchi ya pamkono, ndipo kamuvi ka pa sikirini kankanjenjemera pang'onopang'ono, kakutsatira kuyenda kwa wotchiyo. Kadontho kawo kanali kobiriwira. Abwana anaona kuti waona. Sanabise.

"Nanenso ndili ndi mzere," anatero. "Tikulankhulamu ndikanakhala nditatuwa kale." Anapukuta nkhope ndi manja onse awiri. "Dzina ndikutumiza Lachisanu. Mundiuze inuyo ngati ndakumvani lero kapena sindinakumveni. Ine ndichita chimene munene."

Madzulo poweruka anapeza a Pensulo ataima pa masitepe, fulasiki kukhwapa, akudikira kuti anthu adutse. Mawondo awo sankafuna kukankhidwa.

"Mwakanena," anatero.

"Ndakanena."

"A Wailesi anandiuza musanatseke n'chitseko chomwe."

Anatsika limodzi, sitepe ndi sitepe. Pansi pankanunkha dizilo ndi makatoni onyowa.

"Ndikufuna ndiwauze kuti alembe," anatero Nachangu.

"Kuti tichoke tonse awiri? Ndiye bambo anu adya chiyani, kadontho?"

"Koma ndi ine ndakuikani pamenepa."

"Ndinadziika ndekha, ndi dzanja langa. Inu munanditumapo?" Anaima pa sitepe kuti apume. "Sindikunamizani kuti ndikukondwa. Kunyumba kuli mpando ndi khoma. Mayi anu aja, akazi anga, anatisiya, ana ali kutali, tsiku limatalika ngakhale la Lamlungu lokha. Koma khutu ili lamva madandaulo a anthu okwanira. Ndikagona limaliralira lokha."

"Munandichitiranji zimenezi, bambo?"

"Ndinadwazikapo. Ndimadziwa mmene masana amakhalira." Anasintha fulasiki kukhwapa lina. "Musakauzenso kanthu abwana. Mwana uja watopa ngati ife."

Pa geti anasiyana. Nachangu anakumbuka za moni wa bambo ake pamene a Pensulo anali atawoloka kale msewu.

Lachinayi lonse Nachangu analemba ndi manja onse awiri. Masana anapita, n'kutembenuza bambo ake, n'kuwadyetsa mofatsa, supuni ndi supuni, akuyang'ana mmene kholingo lawo linkavutikira kutsitsa chakudya. Anawerengera m'mutu anthu amene angabwere m'chipindamo iye atakhala kuti alibe ntchito ndipo mankhwala atha. Sanapeze ndi mmodzi yemwe.

Lachisanu m'mawa abwana anadutsa pa desiki yake ngati akupita kukayang'ana malole pawindo.

"Asisi, munali ndi mawu?"

Nachangu sanachotse maso pa sikirini. Pambali pake a Pensulo ankati, "Eya... ndikumva... pitirizani."

"Ayi, bwana."

"Chabwino."

Tsiku lomaliza la mwezi kunali tiyi ndi mabisiketi. Abwana ananena mawu ochepa onena za kukhulupirika, a Wailesi anayesa nthabwala ziwiri, imodzi yokha ndiyo inagwira. A Pensulo anathokoza onse mmodzimmodzi, ndi mlonda wa pa geti yemwe amene sanalipo. Kenako anthu anabalalika mofulumira, poti madontho anali atayamba kutuwa.

Dzuwa litafika pamutu, Nachangu ananyamula chikwama. Anatambasula dzanja kuti azimitse kompyuta.

"Musazimitse," anatero a Pensulo. "Ndikadali wolembedwa ntchito mpaka madzulo."

Atabwerera anapeza mausi yake itabwezedwa pa desiki yake, chingwe chitapindidwa bwinobwino. A Wailesi anamunong'oneza kuti lero achikulire anaisiya ipume ola lonse la chakudya, akuyang'ana wotchi, n'kudya buledi wawo ndi manja awiri. Poweruka a Pensulo anatenga fulasiki, kapilo ka pa mpando ndi timapepala tawo. Anam'gwira chanza Nachangu ngati mmene anachitira ndi ena onse.

"Bambo akupatsani moni," anatero Nachangu. "Anandituma kalekale."

"Mukawauze kuti ndaulandira."

Lolemba desikiyo inali yopanda kanthu, kupatula foni. Inayamba kulira m'mawa ndithu. Anthu anayang'anana, kenako aliyense anayang'ana pakona pa sikirini yake. Wonyamula foni imeneyo ankadziwa kuti atuwa, ndipo sankadziwa kuti atuwa mpaka liti, poti odandaula safulumira. Inalira, n'kuleka. Patapita kanthawi inayambiranso. Abwana anasuzumira m'kaofesi kawo, n'kubwezanso mutu.

Nachangu ndiye anali pafupi nayo kuposa onse. Kulira kwake kunkamveka m'thabwa la desiki, mpaka m'zigongono. Analemba dandaulo la munthu amene katoni yake ya mabuku inasowa, n'kulitumiza ku mndandanda wa zodikira, n'kutsegula lina.

Nthawi itakwana anaimirira, chikwama paphewa. A Wailesi anali atakoka kale mpando wawo, mawilo ake akulira pa simenti.

"Ndigwedeze, asisi?"

Nachangu anayang'ana mausi, n'kuyang'ana mpando wopanda kapilo uja. Kapu ya kampani inali pambali pa kiyibodi, ili ndi tiyi wozizira. Kunyumba mayi woyandikana naye anali atatseka kale chitseko, ndipo bambo ake anali atagonera mbali imodzi kuyambira m'mawa.

"Gwedezani," anatero. "Koma ikakwana nkhomaliro muisiye."

"Ndikudziwa. Ine si a Pensulo."

Akutsika masitepe foni ija inayambanso kulira. Anaimva mpaka pansi, mpaka pabwalo, pamene lole ina inaliza injini.